Chamba, Chinangwa Chowawa ndi Maso a Robert Randall

Ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, chinangwa chimene chimasunga mabanja si chozuna chija timatafuna chachiwisi pamsika kapena kuphika n'kumwera tiyi. Ndi chowawa. Mwana akachizula n'kudya chosaviika amamva chizungulire, mutu kuwawa, kenaka kusanza, ndipo akadya chambiri akhoza kumwalira tsiku lomwelo. Komabe mukafunsa mayi wa kunyanja chifukwa chimene amadzalira chomera choopsa chotere kuseri kwa nyumba yake, adzakuuzani kuti chimabereka bwino, ufa wake ndi woyera, anyani sachikonda, ndipo wakuba sangachizule usiku n'kukachidya m'mawa. Za poizoniyo sada nazo nkhawa chifukwa amadziwa pomugwira. Amachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, ndipo m'miyezi yozizira amawonjezera masiku. Akachivuula amachitsuka, kuchiyanika pa thandala, kenaka kusinja. Madzulo pamphasa pamakhala kondowole wa usipa, ana n'kugona atakhuta.

Akatswiri amafotokoza ntchito ya mayiyu chonchi: mu chinangwa muli mankhwala otchedwa linamarin, amene amatulutsa cyanide chinangwacho chikaphwanyika. Kuviika kumachifewetsa kuti poizoniyo amasuke, wina apite ndi madzi, wina auluke poyanika. Ntchitoyi ikadumphidwa, zotsatira zake n'zodziwika. M'chaka cha 1981 chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu anatsala ndi chinangwa chowawa chokha, ndipo njala sinawalole kudikira. Anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anapuwala miyendo mwadzidzidzi ndi matenda otchedwa konzo, amene sachizika. Ngakhale zinafika pamenepo, yankho silinali kuzula chinangwa m'dziko lonse, komanso silinali kuuza anthu kuti popeza n'chomera cha Mulungu azingodya mmene chachokera kumunda. Wonena chilichonse mwa ziwirizi akanaoneka wosalongosoka. Azaumoyo anapita m'midzi kukafufuza mmene anthu ankakonzera chakudyacho, ndi chimene chinawalepheretsa kuchikonza bwino.

Pa nkhani ya chamba, anthu awiri amenewa ndi amene akhala akutenga bwalo kwa zaka pafupifupi 100. Wina akuti fodya wamkulu ndi misala basi, palibe chokambirana. Wina akuti chimachiza chilichonse, kuyambira mphumu mpaka khansa, kungoti aboma ndi makampani a mankhwala amabisa. Pakati pawo pamakhala wodwala, amene funso lake ndi laling'ono koma lovuta kuposa a onse awiriwo: kodi chingandithandize ine pa matenda angawa, pa muyeso wanji, ndipo chindiwononga chiyani? Ndikufuna kulemba za munthu mmodzi wa ku America amene anathera zaka zambiri za moyo wake akukakamiza boma lake kuyankha funso limeneli.

Choyamba tidziwe kuti chamba chinali kale m'mashelefu a ogulitsa mankhwala. M'chaka cha 1839 dokotala wa ku Ireland, William O'Shaughnessy, amene ankagwira ntchito ku Calcutta m'dziko la India, analemba zimene anaona atachiyesa pa odwala nyamakazi, kafumbata ndi matenda okomoka. Madokotala a ku Britain ndi ku America anachilandira, ndipo chinalowa m'buku la mankhwala ovomerezeka ku America kuyambira m'ma 1850 mpaka 1942. Koma chinali ndi vuto limene linkawasowetsa mtendere. Botolo limene dokotala wagula lero linkakhala lamphamvu kwambiri, la mwezi wa mawa n'kukhala ngati mulibe kanthu, ndipo palibe ankadziwa kuti chimene chikugwira ntchito m'menemo n'chiyani. Mayi wa ku Nkhotakota amaluma kansonga ka chinangwa, lilime n'kumuuza kuti ichi n'choviika. Dokotala wa nthawi imeneyo analibe cholawira. Choncho atabwera mankhwala ngati aspirin, amene m'bulu uliwonse umafanana ndi unzake, chamba chinayamba kusiyidwa lamulo lisanachiletse n'komwe.

Kenaka malamulo anabwera. America inachitsekera njira ndi lamulo la msonkho la 1937. Pangano la mayiko onse la 1961 linachiika m'gulu la mankhwala oopsa kwambiri, ndipo mu 1970 America inachiika pamodzi ndi heroin, m'gulu la zinthu zimene boma likuti zilibe ntchito iliyonse ya chipatala. Apa ndi pamene panamangika mfundo yovuta kumasula. Chifukwa lamulo linati chamba si mankhwala, wofufuza ankavutika kupeza chilolezo choti achiyese. Chifukwa sichinayesedwe, panalibe umboni. Ndipo chifukwa panalibe umboni, lamulo linakhala momwemo.

A Robert Randall anabadwa mu 1948 ku Sarasota, m'chigawo cha Florida. Mu 1972, ali ndi zaka 24 ndipo akukhala mu mzinda wa Washington, dokotala wa maso anawapeza ndi glaucoma. Matendawa amayenda motere. M'diso mumapangidwa timadzi nthawi zonse, ndipo timayenera kutuluka kudzera m'timipata ting'onoting'ono. Timipatato tikalephera ntchito, madziwo amachuluka n'kumapanikiza mtsempha umene umatengera ku ubongo zimene diso laona. Mtsemphawo umafa pang'onopang'ono, kawirikawiri mopanda ululu, kuyambira ndi kuona kwa m'mbali, ndipo gawo limene lafa siliukanso. A Randall anali atataya kale gawo lalikulu la kuona kwawo. Mankhwala odonthezera m'maso a nthawi imeneyo sankawagwira mokwanira, ndipo anauzidwa kuti adzachita khungu asanafike zaka 30.

Madzi akachuluka m'maso mwawo, usiku ankaona mikombero yamitundumitundu kuzungulira magetsi a mumsewu. Tsiku lina atasuta chamba anasuzumira pawindo n'kupeza mikomberoyo palibe. Anayesanso masiku ena, zinachitika chimodzimodzi. Atatopa ndi kugula mobisa, iwo ndi a Alice O'Leary, amene ankakhala nawo ndipo pambuyo pake anadzakhala akazi awo, anadzala mitengo ingapo pakhonde. Mu 1975 apolisi anaiona, ndipo onse awiri anamangidwa.

Chimene a Randall anachita kenaka ndi chimene chimandichititsa kuwalemekeza. Akanatha kuvomera mlandu, kulipira chindapusa chochepa, n'kubwerera kukagula mobisa ngati wina aliyense. M'malo mwake anayamba kuimba mafoni m'maofesi a boma, ndipo anatulukira kuti bomalo linkadziwa kale. Kuyambira mu 1971, dokotala Robert Hepler ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Los Angeles anali atalemba kuti chamba chimatsitsa kupanikizika kwa madzi m'diso. A Randall sananene kuti "ndikhulupirireni, thupi ndi langa." Anapita ku Los Angeles n'kudzipereka kuti awayeze. Kwa masiku angapo madokotala anayeza maso awo atadontheza mankhwala onse amene analipo, n'kuwayezanso atasuta chamba cha boma cha mphamvu yodziwika. Manambala anasonyeza kuti mankhwala enawo paokha sankakwanitsa, koma chamba chikawonjezeredwa madzi ankatsika kufika pabwino.

Ndi mapepala amenewo anakaima m'khoti. Maloya awo anatsamira pa mfundo yakale ya malamulo a Angerezi, yoti munthu amene waphwanya lamulo pofuna kupewa choipa chachikulu kuposa chimene lamulolo likuteteza asalangidwe. Mu Novembala 1976 woweruza James Washington anavomereza kuti khungu n'choipa chachikulu kuposa mitengo ingapo ya chamba pakhonde, ndipo anawamasula. Mwezi womwewo boma la America linayamba kuwapatsa chamba. Chinkalimidwa pa munda wa boma ku yunivesite ya Mississippi, n'kupichiridwa ndi makina, n'kutumizidwa m'chitini cha ndudu pafupifupi 300, zokwana mwezi umodzi. Boma lomwe linkamanga anthu masauzande ambiri chaka chilichonse chifukwa cha chomerachi linakhala likupakira munthu mmodzi chomera chomwecho.

Akanakhala chete akanasuta mwamtendere mpaka imfa. Koma ankayankhula pa wailesi, m'manyuzipepala ndi pamaso pa aphungu, ndipo kumayambiriro kwa 1978 chitini chija chinasiya kubwera. Anakasuma, boma linagwirizana nawo kunja kwa khoti, ndipo pamenepo panabadwa ndondomeko yapadera yoti odwala ochepa azilandira chamba kudzera kwa madokotala awo. Mmodzi mwa iwo ndi a Irvin Rosenfeld, amene ali ndi matenda a zotupa za m'mafupa ndipo anayamba kulandira mu 1982. A Randall ndi a O'Leary anakhazikitsa bungwe la Alliance for Cannabis Therapeutics, ndipo anayenda chigawo ndi chigawo pamodzi ndi odwala khansa. Chigawo cha New Mexico chinayamba mu 1978, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zigawo zoposa 30 zinali ndi malamulo ovomereza kuti chamba chili ndi ntchito ya chipatala. Ambiri mwa malamulowo anangokhala papepala chifukwa mwini chamba chovomerezeka anali boma lalikulu, ndipo silinkachitulutsa. Mu 1988, atamva mboni kwa nthawi yaitali, woweruza Francis Young wa m'nthambi ya boma yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo analangiza kuti chamba chichotsedwe m'gulu la heroin lija. Mkulu wa nthambiyo anakana langizolo chaka chotsatira.

Kenaka kunabwera Edzi. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa mmene thupi la munthu linkathera ma ARV asanafike: kusanza, kutsekula m'mimba, chakudya osachifuna, mpaka mafupa okhaokha. Ku San Francisco odwala anaona kuti chamba chimaletsa nseru ndipo chimabwezeretsa njala. Mayi wina wachikulire, Mary Jane Rathbun, amene ankathandiza mongodzipereka mu wodi ya odwala Edzi pa chipatala chachikulu cha mzindawo, ankaphika makeke osakaniza chamba n'kumawagawira. Anamangidwa katatu, komaliza mu 1992 ali ndi zaka pafupifupi 70. A Randall anayamba kuthandiza odwala Edzi kulemba makalata opempha kulowa m'ndondomeko ya boma ija. Makalata atachuluka, mu 1992 boma linatseka chitseko, n'kusiya anthu osakwana 20 amene anali kale mkati. Kutsekako sikunathetse nkhani. Mu 1996 anthu a ku California anavota kuti odwala aloledwe kugwiritsa ntchito chamba dokotala akavomereza, motsogozedwa ndi Dennis Peron, amene mnzake wapamtima anamwalira ndi Edzi. Zigawo zina zinatsatira, ndipo lero zambiri mwa zigawo 50 za America zili ndi malamulo otere.

A Randall nawonso anadwala Edzi. Anamwalira pa 2 Juni 2001 kwawo ku Sarasota ali ndi zaka 53, atalandira chamba cha boma kwa zaka pafupifupi 25. Anamwalira akuona.

Pamene iwo ankalimbana ndi makhoti, ena ankagwira ntchito imene madokotala akale analephera, yopeza chimene chili m'kati mwa chomeracho. Raphael Mechoulam, katswiri wa kemisitire ku Israel, anapita kupolisi kukapempha chamba cholandidwa, anapatsidwa makilogalamu 5, n'kukwera nacho basi kupita ku labotale. Mu 1963 iye ndi mnzake anafotokoza kapangidwe ka CBD, ndipo mu 1964 iye ndi Yechiel Gaoni anapatula THC, amene ndi amene amaledzeretsa. Chomerachi chili ndi mankhwala a mtundu umenewu oposa 100, koma awiriwa ndi amene afufuzidwa kwambiri. CBD saledzeretsa. Mbewu za chamba nazo zimasiyana ngati mmene chinangwa cha manyokola chimasiyanirana ndi cha gomani: ina THC wambiri, ina CBD wambiri, ina ya ulusi yokhala ndi THC wochepetsetsa, pomwe masamba ake poyang'ana n'ngofanana.

Chodabwitsa chachikulu chinatulukira pambuyo pake. Mu 1988 Allyn Howlett ndi William Devane anapeza kuti mu ubongo muli malo apadera amene THC amakamatirira. Funso linali lakuti, thupi lingakonzerenji malo chinthu chochokera m'chomera? Yankho linabwera mu 1992, pamene gulu la Mechoulam linapeza kuti thupi limapanga lokha mankhwala ake okamatira pamalo omwewo, oyamba mwa iwo otchedwa anandamide. Ntchito yawo ndi kuchepetsa phokoso pakati pa maselo a ubongo. Selo likalandira uthenga wochuluka, limatulutsa timankhwalati kubwerera kwa lotumiza kuti lichepetse, ndipo tikangomaliza timaphwanyidwa msanga. Malo amenewa ndi ochuluka m'zigawo za ubongo zoona za kukumbukira, kayendedwe ka thupi, njala, ululu ndi kusanza, ndipo alimonso m'diso. N'chifukwa chake chomera chimodzi chimaletsa nseru, kudzutsa njala, kuziziritsa ululu, kutsitsa madzi a m'diso, komanso kuiwalitsa munthu zimene amanena chiganizo chisanathe. M'chigawo cholamulira kupuma malowa ndi ochepa, ndiye chifukwa chake chamba sichiimitsa kupuma ngati mmene morphine wochuluka amachitira. Kusiyana kwake ndi mankhwala a thupi n'kwakuti a thupi amatuluka pamalo amodzi, kwa kanthawi, pamene afunika, pomwe THC wa mu ndudu amafika paliponse nthawi imodzi n'kukhala maola.

Muyeso utapezeka, mankhwala enieni anayamba kutuluka. Dronabinol, amene ndi THC wa mu kapisozi, anavomerezedwa ku America mu 1985 kwa odwala khansa amene akusanza chifukwa cha mankhwala a kemo, ndipo mu 1992 kwa odwala Edzi amene akuwonda. Sativex, wopopera m'kamwa, wokhala ndi THC ndi CBD, anavomerezedwa ku Britain mu 2010 pa kuuma kwa minofu kwa odwala multiple sclerosis. Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya khunyu. Mu 1980 Mechoulam ndi madokotala a ku São Paulo ku Brazil anapereka CBD kwa odwala khunyu 8 amene mankhwala ena ankawalephera. Anayi anatsala pang'ono kusiyiratu kugwa, atatu anapezako bwino. Kafukufukuyo anali wochepa, wofunika kuti ena amubwereze pa anthu ambiri, koma anangogona m'mabuku zaka zoposa 30. Pamene kafukufuku wamkulu anachitika, pa ana ndi achinyamata 120 odwala khunyu yoopsa yotchedwa Dravet, zotsatira zofalitsidwa mu 2017 zinasonyeza kuti kwa olandira CBD kugwa kunatsika kuchoka pa ka 12 pamwezi kufika pa ka 6, pomwe kwa olandira mankhwala ongoyerekeza sikunasinthe kwenikweni. Mankhwalawo, Epidiolex, anavomerezedwa mu 2018. Sachiza khunyu, ndipo ana ena amawatsekula m'mimba, kuwagonetsa kapena kuvuta chiwindi. Koma taganizirani makolo amene ana awo anagwa ndi kuvulala zaka zonse zimene nkhaniyo inakhala m'kabati chifukwa dzina la chomeracho linali lochititsa manyazi.

Apa ndiyenera kunena pamene chamba chimasiyana ndi chinangwa, chifukwa kusiyanaku ndi kumene ambiri okonda chamba safuna kumva. Mu chinangwa, chakudya ndi china, poizoni ndi wina, ndipo madzi amazilekanitsa. Mukaviika bwino, ufawo angadye mwana, mayi woyembekezera ndi nkhalamba, mbale zingati zimene angathe. Mu chamba, THC amene amaletsa nseru ndi yemweyo amene amasokoneza mutu. Palibe dziwe limene mungachiviikemo kuti ubwino utsale, kuipa kupite. Chimene chimalowa m'malo mwa kuviika ndi kufunsa: munthuyu ndani, wa zaka zingati, akudwala chiyani, kwawo kuli matenda a misala kapena ayi, alandire mamiligalamu angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo amuyang'anire ndani.

Mafunsowa si ongoopseza. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019, wochitika m'malo 11 ku Ulaya ndi ku Brazil, anapeza kuti osuta tsiku lililonse anali ndi chiopsezo chochuluka katatu chodwala misala poyerekeza ndi osasuta, ndipo osuta tsiku lililonse chamba champhamvu, chopitirira maperesenti 10 a THC, chiopsezo chinafika pafupifupi kasanu. Mwa anthu 10 amene amayamba kusuta, pafupifupi mmodzi amafika polephera kusiya, ndipo mwa oyamba ali achichepere amakhala mmodzi mwa 6. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo timankhwala ta thupi tija timathandiza pa kukhwimako. Mayi woyembekezera akamasuta mwana amatha kubadwa wochepa thupi. Dalaivala wosuta amachedwa kuponda buleki. Utsi uliwonse umapsereza m'chifuwa, ndipo m'dziko limene TB idakalipo zimenezi si zazing'ono. Anamwino a ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu akamanena za anyamata amene amafika atasokonezeka mitu chifukwa cha chamba, sakunena mphekesera, akunena za odwala awo. Wolimbikitsa chamba cha chipatala amene amanyoza umboni umenewu akuchita chomwecho chimene aboma anachitira a Randall, kukana kuyang'ana manambala chifukwa sakumukomera.

Lipoti lalikulu la mabungwe a sayansi a ku America la 2017 linasefa kafukufuku wambiri n'kupeza umboni wolimba pa zinthu zitatu: ululu wokhalitsa mwa akuluakulu, nseru ndi kusanza kobwera ndi kemo, ndi kuuma kwa minofu kwa multiple sclerosis. Khunyu ya ana ija inawonjezereka pambuyo pake. Kuchiza khansa palibepo. Ndikutsindika zimenezi chifukwa timabotolo ta mafuta a chamba tikutsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo mayi amene wapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero ikadali yoyamba akhoza kutaya miyezi imene ikanamupulumutsa akudontheza mafuta pansi pa lilime. Chamba chingamuthandize kudya ndi kugona pamene akulandira thandizo la kuchipatala. Sichingachotse chotupa.

Nanga glaucoma, matenda amene anayambitsa zonsezi? Apa muyeso womwe a Randall ankamenyera unapereka yankho limene ambiri sanayembekezere. N'zoona kuti chamba chimatsitsa madzi a m'diso, koma kwa maola atatu kapena anayi okha. Glaucoma sagona, choncho wodwala ayenera kusuta usana ndi usiku, moyo wake wonse. Ndudu 300 pamwezi zija zikutanthauza 10 patsiku. Chamba chimatsitsanso kuthamanga kwa magazi, zimene zingachepetse magazi ofika ku mtsempha womwe tikufuna kuupulumutsa. Pakali pano mankhwala odonthezera anapita patsogolo: timolol anabwera mu 1978, latanoprost mu 1996, ndipo womalizayu ndi dontho limodzi patsiku. Palinso opaleshoni ndi laser. N'chifukwa chake mabungwe a madokotala a maso, ngakhale ku America komweko, salangiza chamba pa glaucoma. Izi zikutikhudza kwambiri, popeza matendawa amagwira anthu akuda kwambiri ndiponso msanga kuposa azungu. Ngati kwanu kuli amene anachita khungu mosadziwika bwino ndipo mwapitirira zaka 40, pitani ku chipatala cha maso, kaya ku Nkhoma, ku Kamuzu Central kapena ku Queens, akakuyezeni. Musasute poganiza kuti mukuteteza maso.

Kodi ndiye kuti a Randall analakwitsa? Ine sindikuona choncho. Mu 1975, ndi mankhwala amene analipo, pa maso awo, manambala anali kumbali yawo, ndipo khoti linaona zomwezo. Chimene ankapempha sichinali choti aliyense asute, koma choti nkhani ya wodwala ndi mankhwala ake ichoke m'manja mwa wapolisi ipite m'manja mwa dokotala. Zikafika kwa dokotala, yankho limatha kukhala inde pa nseru, inde pa khunyu ina ya ana, ayi pa glaucoma, ayi kwa mnyamata wa zaka 16. Mayankho onsewo ndi zipatso za nkhondo yomweyo. Mu Disembala 2020 nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo inavota, mayiko 27 kuvomera ndi 25 kukana, kuchotsa chamba m'gulu loopsetsetsa lija la 1961, patatha zaka 19 a Randall atamwalira.

Kuno kwathu chamba si mlendo. Cha ku Nkhotakota ndi ku Mzimba chinatchuka kunja kalekale ndi dzina la Malawi Gold. Pamene a Boniface Kadzamira, amene anali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, anayambitsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo mu 2015, aphungu anzawo ena anaseka. Chamba cha ulusi chinayesedwa ku Chitedze, ndipo mu Febuluwale 2020 Nyumbayo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kongosangalala kudakali mlandu. Lesotho inatitsogolera mu 2017, Zimbabwe mu 2018, ndipo Zambia inakhazikitsa lamulo lake mu 2021.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nkhani yathu inayambira kwina. Ku America inayamba ndi munthu amene akuchita khungu, ndi mayi wophikira odwala Edzi. Kuno inayamba ndi mitengo ya fodya ku okushoni ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Zimenezo n'zofunika, sindikukana, ndipo mlimi amene anamva kuti chiphaso cholimira chamba cha mankhwala chinali madola 10,000 anali ndi dandaulo lomveka. Koma m'zokambirana zonsezi ndimamva za mahekitala, misika ya ku Ulaya ndi makopaletivu, wodwala osatchulidwa. Chonsecho tikudziwa kale kusamala mankhwala oopsa. Morphine amachokera ku chomera chomwe chimatulutsa heroin, ndipo anamwino a ku Tiyanjane ku Blantyre ndi a ku Ndi Moyo ku Salima amamupereka kwa odwala khansa tsiku ndi tsiku, wakumwa, woyezedwa, wolembedwa m'kaundula, wosungidwa m'kabati yokhoma. Dziko limene limatha zimenezo lingathenso kupatsa wodwala amene akusanza ndi kemo, kapena mwana amene khunyu yake yakana mankhwala onse, botolo lolembedwa mamiligalamu a THC ndi CBD, lovomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala, loperekedwa ndi dokotala amene amuonanso pakatha mwezi.

Kuti tifike pamenepo tiyenera kudziwa chimene chili m'chamba chathu: cha boma liti chili ndi THC wochuluka bwanji, CBD alimo kapena mulibe, ndipo mphamvu yake ikusintha motani chaka ndi chaka. Madokotala a matenda a maganizo akufunika manambala amenewa mofanana ndi madokotala a khansa. Zipangizo zoyezera zingaikidwe ku Chitedze, ku Malawi Bureau of Standards kapena ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo choyeza sichisowa. Apolisi amalanda matumba ambirimbiri pazipata za mumsewu wa kunyanja, ndipo mlandu ukatha khoti limalamula kuti atenthedwe. Pa thumba lililonse patachotsedwa kachigawo kochepa, kolembedwa kumene kachokera ndi tsiku lake, n'kutumizidwa ku labotale moto usanayatsidwe, akatswiri athu angakhale ndi poyambira pomwe Mechoulam anayambira ndi makilogalamu 5 ake a kupolisi.